Matewera kuseri kwa nkhokwe

Tisa ndi Josefe, ana anga, ndondomeko ya ulendo imene mwanditumizira pa foni ndaiwerenga kawiri. Mwati popeza ndapuma pantchito mundisangalatse: Lolemba Lusaka, Lachiwiri Siavonga kukaona damu, Lachitatu Livingstone kumathithi, kenako kwina kumene dzina lake landivuta, Loweruka tabwerako. Sindinayankhe, ndipo Tisa waganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye. Yankho langa ndi lalitali, silingakwane pa foni, ndiye ndaliika muno m'buku limene ndikukulemberani za ntchito yanga.

Chaka chimene Tisa anabadwa

Ndinayamba ntchito pachipatala cha mishoni ndili ndi zaka makumi awiri, sukulu nditalekezera giledi seveni. Ntchito yanga inali kukolopa wodi ya ana. Tisa anali ndi miyezi inayi, ndipo a Sisita anandilola kubwera naye kumbuyo chifukwa panalibe womusiyira, atate anu ankamanga nyumba za anthu m'tauni. Ndinali munthu wamantha, ana inu. Ndikakolopa mzere umodzi ndinkaima, kupotoza khosi, kumvetsera ngati mwana akupuma. Akagona nthawi yaitali ndinkamutsina chala kuti alire. Ndikamusambitsa ndinkadina timapazi take ndi chala kuona ngati pakutsala dzenje. Anesi ankaseka, amvekere, "Naphiri, mwana ameneyu umutha ndi maso!" Chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Maso omwewo ndiwo anandisamutsa. Tsiku lina ndinauza nesi kuti mwana wa pabedi la pakona wasintha kapumidwe, ndipo zinali zoona. Sabata yotsatira a Sisita anandiitana nandipatsa khadi la sikelo kuti ndiwerenge manambala. Nditawerenga anati, "Kuyambira mawa uziyenda ndi a Jere kumidzi. Njinga umadziwa?" Ndinati ndimadziwa, chonsecho ndinali nditakwerako kawiri basi.

Zaka ziwiri za njinga

Bambo Jere anali wazaumoyo wa kumidzi, munthu wamtali, wadazi, wa thalauzi lomanga ndi mphira m'miyendo. Tinkanyamuka Lolemba ndi njinga ziwiri, kubwera Loweruka, ndipo pa sabata yonseyo tinkafika midzi iwiri yokha ya chakuseri kwa Madzimoyo, mwina itatu. Katundu wathu anali sikelo, chingwe, kabudula wopachikira mwana, makhadi ndi kabokosi ka mankhwala. Zinthu zinkasowa nthawi imeneyo. Makhadi akatha tinkadula makatoni a sopo n'kujambulapo mizere ndi rula. Kabudula wa sikelo atang'ambika ndinasoka wina ndi thumba la ufa. Chubu cha njinga yanga chitafika poti zigamba zaposa chubu, a Jere anatsindiramo udzu m'tayala, ndipo ndinayenda choncho mwezi wathunthu, mano akugundana.

Koma chimene chinkandipsetsa mtima si udzu, anali a Jere eni ake. Munthu uja sankapitirira munthu. Akaona wina akulima, atsika. Akaona ng'ombe yotsimphina, atsika, aikweze mwendo, afunse mwini wake kuti yayamba liti. Pachitsime, atsika, apemphe madzi pomwe botolo lawo lili lodzaza. Ine n'kumadikira, dzuwa likumuwotcha mwana.

"Atate, tikafika liti?"

"Kuti?"

"Kumudzi kumene tikupita!"

"Iwe Naphiri, wathamangitsidwa ndi ndani? Mudzi suthawa. Imwa madzi a amaiwa, uwauze kuti ndi okoma."

"Ndilibe ludzu."

"Ndani wakufunsa za ludzu?"

Tikafika pamudzi sitinkapachika sikelo tsiku lomwelo. Tinkasiya katundu m'tchalitchi kapena kwa aphunzitsi, a Jere n'kupita kukakhala ndi amuna, ine n'kunditumiza kwa azimai kukathandiza chilichonse chimene akugwira, kaya kusenda nsawa, kaya kuzira nyumba. Poyamba ndinkaona ngati tikuba nthawi ya mishoni. Nditadandaula, a Jere anandiyankha akupopa njinga, osandiyang'ana. Anati tsiku loyamba anthu amakuonetsa ana onenepa, osambitsidwa, opakidwa mafuta, chifukwa ndiwe mlendo ndipo safuna manyazi. Tsiku lachiwiri amatulutsa otsokomola. Amene tawadzera kwenikweni amatuluka tsiku lachitatu, ukadya nawo kangapo, akaona kuti iwenso mwana wako amakukodzera. Ndinayamba kuwerengera ndekha, ndipo zinkachitikadi choncho, mudzi ndi mudzi.

Pang'onopang'ono njira zija zinandilowa. Ndinadziwa dambo limene limameza njinga mvula ikagwa, mtengo wa masuku woyamba kupsa, agalu oluma ndi ongouwa. Ndinadziwa nyumba imene mwamuna wake amamwa, ndi imene utsi umachedwa kufuka chifukwa mulibe chophika. Kumidzi anandipatsa dzina loti amai a sikelo. Kwa Kambalame, mudzi wa kutsidya kwa dambo, ndinazolowerana ndi mtsikana wina dzina lake Tiwonenji, wamng'ono kwa ine, wosekaseka, wa mpata m'mano. Mwamuna wake anali atapita ku Lusaka kukafuna ntchito, iye n'kutsala ndi apongozi ake, a Nazulu. Mwana wake woyamba, Dalitso, ndinamukweza sikelo ndi manja angawa ali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndipo khadi lake linali la katoni ya sopo, dzina ndinalemba ndine.

Chaka chimene motoka inabwera

A Jere anapuma pantchito, mawondo atawakana. M'malo mwawo munabwera bambo Mwale, wachinyamata, wophunzira ku koleji, ndipo mwezi womwewo chipatala chinalandira motoka yoyera ya kumidzi. Ndisawanamizire a Mwale, sanali munthu woipa. Ankandiitana ndi dzina la atate anu, Mai Tembo. Anatiitana n'kupachika mapu pakhoma. Anati ndi njinga katemera ankafika mudzi woyamba wokha, chifukwa ayezi wa m'bokosi amasungunuka tsiku limodzi, ndipo ana a midzi yakutali ankafa ndi chikuku akudikira a Jere amene ali pachitsime kuyamikira madzi. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, koma sindinathe kutsutsa, chifukwa zinali zoona. Anati tsopano tiziyenda midzi isanu ndi iwiri pa tsiku, pamudzi uliwonse mphindi makumi anayi, madzulo aliyense akagone kunyumba kwake.

Ndinakondwera nazo, ndivomere. Tisa sankapsanso ndi dzuwa, atate anu ankandiona tsiku lililonse. Ntchito inali kutsika, kuponya chingwe panthambi, kupachika, kuwerenga, kulemba, wotsatira, wotsatira, hutala ya motoka kulira, kumasula chingwe, kukwera. Midzi inkadutsa pawindo ngati mitengo. Madzulo atate anu akandifunsa kuti lero munali kuti, ndinkatchula maina a midzi, koma nkhope ngakhale imodzi sindinkaikumbukira. Ana onse amene tinkakweza anali osambitsidwa, opakidwa mafuta. A Mwale ankati, "Mwaona? Dera lathu lilibe ana onyentchera." Ine mawu a a Jere ndinkawakumbukira, koma ndinali wokolopa wokwezedwa, wa giledi seveni, ndikanati chiyani?

Dzinja lotsatira

Unali mwezi wa njala, chimanga chitangomasula ngaiyaye, anthu akukamba zopita ku Mtenguleni ku mwambo wa Ncwala. Kwa Kambalame unali mudzi wachisanu tsiku limenelo. Ndinapachika sikelo pamkuyu, mzere n'kuyamba kuyenda, ine maso ali kufunafuna Tiwonenji, chifukwa ulendo wapitawo sanabwere, ndipo ndinali nditadziuza kuti mwina anali kumunda. Mzere unatha. Ndinafunsa mai wina kuti nanga amake Dalitso? Anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana pansi, kenako anati mwana anapita naye kwao. Ndinavomera. Ndikumasula chingwe, ndinaponya maso kunyumba kwa a Nazulu, imene inali poonekera kuchokera pamkuyupo. Chingwe choyanikira cha pabwalo chinali chopanda kanthu. Koma kuseri kwa nkhokwe, pansi pansi, pa kamtengo kopingasa, panali matewera atatu, akudontha madzi.

Ana inu, m'dzinja dzuwa ndi losowa. Mzimai aliyense amayanika matewera pamtetete kuti aume mvula isanabwere. Woyanika kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi, sakufuna dzuwa, akufuna kuti anthu asaone. Ndinadziwa, chifukwa inenso ndinayanikapo pamalo otero.

Hutala inalira. Ndinathamangira kwa a Mwale, amene anali atakhala kale kutsogolo, bokosi la katemera lili pamiyendo.

"Bwana, pali mwana amene sanabwere. Ali m'nyumba umo."

"Amuitane."

"Sangatuluke, bwana. Akumubisa."

"Mwamuona?"

"Ndaona matewera."

"Matewera!" Anapukusa mutu. "Mai Tembo, kwatsala midzi iwiri, ayezi akutha, ndipo mvula ija ikatipeza kutsidya kuno tigona m'dambo. Kumeneko kuli ana makumi angapo akudikira padzuwa. Ndiwasiye chifukwa cha matewera? Pitani, ndakupatsani mphindi zisanu."

Ndinathamanga, Tisa akugundagunda kumsana. A Nazulu anandichingamira pakhomo ndi nkhope yosalala, anati Tiwonenji kulibe, mwana kulibe, matewerawo ndi nsanza zopukutira. Chitseko chinali chotseka. Ndinaima pamenepo ndikupuma ngati galu, hutala ikuliranso, ndipo ndinadziwa kuti mphindi zisanu sizitsegula chitseko chimenechi, ngakhale ola, ngakhale tsiku. Ndinabwerera kumotoka, ndinatsitsa kachikwama kanga.

"Bwana, ine nditsala."

"Mutsala? Mwa chilolezo cha ndani? Sikelo kumidzi yotsalayo akweza ndani?"

"Nesi angathe, bwana. Pepani."

"Mai Tembo, ganizani bwino. Mukapanda kukwera motoka ino, mwathawa ntchito. Ndidzalemba zimenezo."

Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa miyezi imene atate anu analibe pomanga. Ndinangopempha dalaivala kuti akauze atate anu kumene ndili. Motoka inatembenuka, ine n'kutsala pamkuyu, mwana kumbuyo, mudzi wonse ukundiyang'ana.

Ndinachita monga anandiphunzitsira a Jere. Ndinapempha malo kwa mkazi wa aphunzitsi, ndipo za mwana sindinafunsenso aliyense. M'mawa mwake ndinabwereka khasu n'kutsatira a Nazulu kumunda wao wa nsawa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Amai a sikelo, motoka yakutayani?"

"Yanditaya, amai."

"Ndiye mwati mudzalime m'munda mwanga? Ndilibe chokulipirani."

"Mundipatsa chibwabwa, masamba a maunguwa."

"Khasu mukugwira ngati bolopeni," anatero, koma sanandithamangitse. Tinalima mpaka dzuwa pamutu, manja anga n'kutuluka matuza. Pobwerera ndinawasenzera nkhuni. Tsiku limenelo ndinamva mwana akulira m'nyumba muja, kulira kwa mwana wotopa, kopanda mphamvu, kumene kumangoti ee, ee, n'kuleka. Ndinadziluma lilime, osatembenuka. Mtima unkandiuza kuti thyola chitseko, mwana akutha! Koma ndikanathyola, akanamusamutsira kumunda m'kachisakasa, ndipo sindikanamuonanso.

Tsiku lachitatu m'mawa mvula inagwa, sitinapite kumunda. Ndinakhala pakhonde ndi a Nazulu tikusadzula masamba, Tisa akusewera m'matope. Ndinamukoka, n'kumupukuta, ndipo mwachizolowezi ndinadina phazi lake ndi chala. A Nazulu anaona.

"Mukufuna chiyani paphazi la mwanayo? Kuyambira dzana ndikukuonani."

Ndipo ndinawauza chimene inu ana anga simunamvepo, chimene ndalembera mutu uno. Tisa si mwana wanga woyamba. Munali ndi mkulu wanu, dzina lake Yohane. Ndinamubereka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kumudzi kwa atate anu, iwo ali ku migodi kufuna ntchito. Atakwanitsa chaka anadwala chikuku, atachira anayamba kutupa mapazi, kenako masaya, tsitsi n'kufiira n'kumasosoka. Akuluakulu anati ndi tsempho, matenda amene amati amagwira mwana kholo likagona kunja kwa banja. Tsono mwamuna kunalibe chaka chonse, ndiye wolakwa akanakhala ndani? Anandikhazika pamphasa kuti nditchule dzina la mwamuna, ati mankhwala sagwira mai asanaulule. Ndinalibe dzina loti nditchule. Ndinamubisa Yohane m'nyumba kuti azimai asamuone n'kumandiloza, sikelo inabwera kawiri ine ndili chete kuseri kwa chitseko, matewera ndikuyanika kuseri kwa nkhokwe. Anamwalira m'manja mwanga m'mawa wa Lachisanu. Nditayamba ntchito muwodi ya ana ndinaona ana otupa chimodzimodzi, akupatsidwa mkaka pang'onopang'ono, akuphwa, akuyamba kuseka, akutuluka. Ndinkakolopa pansi pa mabedi awo misozi ikugwera m'ndowa.

Nditamaliza, a Nazulu anaika masamba pansi. Kenako anati, "Inu simunachimwe?"

"Sindinachimwe, amai. Mulungu akundimva."

"Nanga mpongozi wangayu akakhala kuti anachimwa?"

Sindinakangane nawo za tsempho. Ndinati, "Zimenezo mudzakamba mwana wanu akabwera ku Lusaka. Koma adzapeze Dalitso ali moyo, kuti mudzakambe bwino. Mankhwala anu musataye, kachithumwa ka m'khosi musamuvule. Ingondibwerekani mwanayo."

Chitseko chinatseguka chisanayankhidwe chilichonse. Tiwonenji anali ataimirira kuseri kwake nthawi yonseyo. Anali ataonda, mpata wa m'mano uja sunaoneke chifukwa sanaseke. Anagwada n'kundiika mwana pamiyendo. Dalitso anali wolemera ngati thumba lonyowa, maso atatsekeka ndi kutupa, khungu la m'miyendo likusupuka. Ndinadina phazi, dzenje linatsala.

A Nazulu eni ake ndiwo anakabwereka ngolo ya ng'ombe. Dambo linali litadzaza, motoka sikanadutsa, koma ine ndinkadziwa njira yakumtunda yodzera kumasuku, imene tinkakankhamo njinga ndi a Jere. Tinayenda maola anayi, Tiwonenji atafungata mwana m'chitenje changa chouma, ine ndikumudonthezera madzi a shuga ndi supuni, khutu langa lili pamphuno pake. Pa msewu wa tala ku Madzimoyo tinaimitsa lole ya thonje. Tinafika pachipatala dzuwa likupendeka. A Sisita atamuvundukula sanandifunse kumene ndinali, anangoti, "Bedi la pakona, msanga."

Zaka za kochapira

Dalitso anakhala muwodi milungu isanu. Sabata yoyamba sitinkadziwa ngati kucha ali moyo. Yachitatu anaphwa mpaka kuoneka mafupa okhaokha, Tiwonenji n'kulira kuti akutha, nesi n'kumuuza kuti kumeneko ndiye kuchira. Tsiku limene anatambasula dzanja kulanda kapu, mai wake anaseka, mpata uja n'kuoneka.

Ine mlandu wanga unakambidwa mu ofesi. A Mwale analemba monga ananenera, ndipo sananame: ndinasiya ntchito masiku atatu popanda chilolezo, ndipo kumidzi iwiri yotsala ija nesi anagwira yekha mpaka ana ena anabwerera osakwera sikelo. A Sisita anati sangandichotse, koma sangandibwezenso mumotoka, chifukwa gulu silingayende ndi munthu amene atha kutsika paliponse. Ananditumiza kochapira. Ndinachapa zofunda za chipatala kuchokera pamenepo mpaka chaka chathachi, ndipo manja okhakhala amene Josefe unkawadandaula ndikamakudzoza mafuta anachokera kumeneko. Kumidzi sindinapitenso. Masiku oyamba motoka ikamatuluka pageti ndinkatembenukira kukhoma.

A Mwale anadzabwera kochapira patapita miyezi, anaima pakhomo ngati asochera. Anati, "Mai Tembo, mukanakhala inu, midzi isanu ndi iwiri ija mukanatani nayo?" Ndinati sindikudziwa, bwana, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Katemera wao anapulumutsa ana ambiri kuposa amene ine ndikanawapeza ndi khasu. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chonse cha motoka ndinapita midzi yosawerengeka ndipo sindinafike ngakhale umodzi, kupatula umene ndinatsalamo. Malemu atate anu, Mulungu awasunge, atamva za kochapira anangoti, "Yohane wakondwera." Aka kanali koyamba kutchula dzinalo chichokereni kumanda, ndipo tinagwirizana kuti tidzakuuzani mukakula. Munakula, ife mphamvu n'kutisowa.

Chaka chino

Tsono za ulendo wanu. Ndikudziwa kuti mwaukonza ndi chikondi, ndipo mathithi ndimafuna kuwaona ndisanafe. Koma masiku asanu malo anayi, ana anga, ndi motoka ya a Mwale imeneyo. Ndidzatsika, mudzandijambula, hutala idzalira, ndidzakwera. Pobwera anzanga a kumpingo akadzandifunsa ndidzangotchula maina.

Ngati mufuna kundisangalatsa, chitani izi. Mathithi tidzapite chaka china, tikakhaleko sabata osapita kwina kulikonse. Koma masiku asanu amene mwapempha kuntchitowa mundipatse ine. Tiwonenji adakali moyo kwa Kambalame, ananditumizira uthenga kudzera kwa mai wina amene anagonekedwa kuno, kuti Dalitso ali ndi ng'ombe zake ndi ana atatu, ndipo wamkazi anamutcha dzina langa. Sindinamuonepo chitulukireni muwodi. Motoka tikaisiye ku Madzimoyo, ndikufuna tikalowe wapansi kudzera kumasuku, tizikaima pachitsime chilichonse. Tikagone kumeneko masiku atatu, osachepera. Tikachoka uko tipite kumudzi kwa atate anu. Kuseri kwa tchalitchi chakale kuli kamtumbira kopanda mtanda, pansi pa mtengo wa mthethe, ndipo ndine ndekha wotsala amene ndingakulozereni. Josefe, ubwere ndi khasu ndi matabwa a mtanda. Tisa, iwe ubwere ndi penti, ukalembe dzina la mkulu wako pamtandapo.